Chotupa chikabwereranso pansi pa ubongo: mpeni ndi mapulotoni

Gwirani mphuno yanu, dzanja linalo mugwire nkhongo. Chapakati pa manja anuwo, mkati mwa chibade, muli fupa lotsetsereka lotchedwa clivus. Kumbuyo kwake kwatsamira tsinde la ubongo, lomwe limayendetsa kupuma ndi kugunda kwa mtima. M'mbali mwake mumadutsa mitsempha ikuluikulu ya magazi komanso minyewa yoyendetsa maso. Pamalo othina chonchi ndi pomwe pamamera chotupa chotchedwa chordoma.

Nthendayi ndi yosowa, imagwira pafupifupi munthu mmodzi pa anthu miliyoni imodzi pachaka. Imakula pang'onopang'ono koma ndi yaliuma, ikachotsedwa imakonda kubwereranso. Chifukwa chake n'chakuti dokotala sangadule mopyola ngati mmene timachotsera powola pa mbatata. Akangopitirira mamilimita ochepa, wodwala angayambe kuona zinthu ziwiriziwiri, kulephera kumeza, mwinanso kufa kumene. Ndiye timaselo tina timatsalira, n'kuyambanso kuchulukana.

Chikabwerera, madokotala amalingalira za opaleshoni ina. Ambiri masiku ano amalowera m'mphuno ndi kakamera ndi tizipangizo tating'ono. Koma ulendo wachiwiri umavuta kuposa woyamba. Zipsera zakale zimamatiza chotupa ku mitsempha, ndipo madzi ozungulira ubongo amatha kudontha kudzera m'mphuno. Nanga bwanji amayesabe? Cholinga n'kuchepetsa chotupacho ndi kuchitalikitsa ndi tsinde la ubongo, kuti cheza chochizira chipeze malo.

Apa ndiye pakubwera fizikisi yathu. Cheza cha X-ray chimasiya mphamvu yambiri chikangolowa m'thupi, ndipo chimapitirira mpaka kuseri kwa chotupa. Pulotoni sichita choncho. Ikamalowa imachepetsa liwiro, ndipo ikamachedwa imasiya mphamvu yochuluka, mpaka kumapeto imakhuthula yambiri pamalo amodzi n'kuima. Pachimake pamenepa pamatchedwa Bragg peak, dzina lochokera kwa William Henry Bragg, yemwe anaona zimenezi chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900. Mu 1946, Robert Wilson ananena kuti mfundoyi ingathandize odwala, ndipo mu 1954 ku Berkeley anayamba kuchizira anthu ndi mapulotoni.

Makina otchedwa cyclotron amathamangitsa mapulotoni mpaka kufika cha m'ma 60 peresenti ya liwiro la kuwala. Posintha mphamvu yawo, akatswiri amasankha pomwe akaime: m'chotupa, asanafike pa tsinde la ubongo.

Komabe musaganize kuti vuto latheratu. Minyewa yomwe inalandirapo cheza singapirire china chochuluka, n'chifukwa chake chotupa chikabwerera mpeni umafunikanso.

Tsono kambiranani ndi mnzanu funso ili: ngati chotupa chili mkati kwambiri, pulotoni iyambe ndi liwiro lalikulu kapena laling'ono? Fotokozani chifukwa chake.