Aphunzitsi a m'tauni alemedwa: makolo tisangoyang'ana

Masiku ano Misa ya pa Sondo ikatha, makolo akaima panja pa chalichi, nkhani yake imakhala ya sukulu. Wina adandaula kuti mwana wake ali mu Giredi 4 koma satha kuwerenga. Wina akuti mabuku a mwana apita mwezi wathunthu osacongedwa. Pamapeto pake onse amaloza cala mphunzitsi. Koma kodi tinadzifunsapo za katundu amene aphunzitsi a m'masukulu a boma a m'tauni asenza?

Tiyeni tikumbuke kumene tacokera. Mu 2002 boma la a Levy Mwanawasa linacotsa malipiro a sukulu kuyambira Giredi 1 kufika Giredi 7. Mu Januwale 2022 boma la a Hakainde Hichilema linafikitsa maphunziro aulere mpaka Giredi 12. Ici ndi cinthu cabwino ndipo tiyamika, cifukwa ana a amasiye ndi a alimi osauka amene anali atakhala panyumba anabwerera m'kalasi. Caka comweco boma linalemba nchito aphunzitsi 30,496.

Koma ana anabwera msanga kuposa njerwa. M'makomboni monga Kanyama, Chawama ndi Matero ku Lusaka, malo omangapo makalasi atsopano ndi ocepa. Ifenso alimi timatumiza ana athu kwa acibale a m'tauni poganiza kuti kumeneko ndiye kuli sukulu yabwino. Zotsatira zake ndi zakuti kalasi imadzala mpaka pakhomo, ndipo masukulu ambiri amagawa ana, ena m'mawa ena masana. Ife amene timaphunzitsa katekisimu tidziwa kuti ana akaculuka, wa kumbuyo samva kanthu. Nanga mphunzitsi amene afunika kucita zimenezi masiku asanu pa sabata, ndi kuconganso mabuku usiku?

Cinanso ndi kusintha kwa maphunziro. Kuyambira mu 2014 ana a Giredi 1 mpaka 4 anali kuphunzira m'cilankhulo ca m'dera lawo, ndipo ku Lusaka ndi kum'mawa cinali Cinyanja. Mu 2025 ndondomeko yatsopano inayamba ndi Giredi 1 ndi Fomu 1. Pulaimale tsopano idzakhala ya zaka 6, sekondale yabwerera ku mafomu, ndipo Cingerezi capatsidwa malo oyamba. Ndondomekoyi ifuna kuti mwana azicita zinthu ndi manja ake, ndi kuti mphunzitsi aziona luso la mwana aliyense payekha. Maganizo ake ndi abwino, koma afunika nthawi, mabuku ndi zipangizo. Mphunzitsi mmodzi sangaone mwana aliyense payekha m'kalasi imene ngakhale poponda palibe.

Tisaiwalenso za umoyo wawo. Mphunzitsi wa kumudzi nthawi zambiri ali ndi kamunda ka cimanga ndi nkhuku zake. Wa m'tauni agula ciriconse: unga, malasha, madzi, lendi ya nyumba ndi minibasi ya tsiku ndi tsiku. Ena alowa m'nkhongole ndi kaloba, mwezi ukatha atsala ndi zocepa. Mu 2024 kolera inacedwetsa kutsegula masukulu mpaka mu Febuluwale, ndipo cilala ca caka cimeneco cinabweretsa kuzima kwa malaiti. Amene anafunika kuthamangitsa silabasi ndi aphunzitsi omwewo.

Sitinena kuti onse ndi angelo. Alipo ena amene amalova, ndi ena amene amasunga mphamvu zawo kuti akaphunzitse ana olipira madzulo. Amenewo ahedi ndi bungwe la Teaching Council of Zambia awadzudzule. Koma ambiri akugwira nchito mokhulupirika.

Tsono ife ticitepo ciani? Coyamba, tizipita ku misonkhano ya makolo, osati kungoonekera mwana akalephera mayeso. Caciwiri, ndalama za CDF zinakwera kucoka pa K1.6 miliyoni kufika pa K25.7 miliyoni mu 2022, ndipo zinapitiriza kukwera. Tikhalepo pa misonkhano ya m'mawodi, tipemphe makalasi, madesiki ndi zimbudzi. Cacitatu, m'Miphakati yathu muli aphunzitsi opuma pa nchito ndi acinyamata otsiriza sukulu. Bwanji osasonkhanitsa ana pa Ciweru kuti awathandize kuwerenga?

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Mwana ndi wathu asanakhale wa boma, ndipo mphunzitsi akagwa ndi katunduyu, amene adzalira ndife.