Maswiti a Amwenye a ku Springs: luso lagona pa mkaka, shuga ndi moto

SPRINGS, South Africa – Chaka ndi chaka, mu Okutobala kapena Novembala pamene Ahindu akukonzekera chikondwerero cha Diwali, m'makhitchini a ku Bakerton mumamveka fungo la mkaka ndi mafuta a ghee. Zimateronso Asilamu akamayandikira Eid. Ngakhale maswitiwa amagulitsidwa m'masitolo, mabanja ambiri amakondabe kudzikonzera okha pakhomo.

Bakerton ndi dera la m'tauni ya Springs, yomwe ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 50 kum'mawa kwa Johannesburg, ndipo kuyambira m'chaka cha 2000 ili pansi pa khonsolo ya Ekurhuleni. Mu ulamuliro wa tsankho, pomwe lamulo la Group Areas Act la 1950 linkagawa malo okhala potengera khungu, derali linali la Amwenye.

Gulu loyamba la Amwenye odzalima nzimbe lidafika ku Durban pa 16 Novembala 1860 pa sitima ya Truro, yomwe idanyamuka ku Madras. Pofika 1911, pomwe ntchito yotenga anthu motere idatha, Amwenye pafupifupi 152,000 anali atafika ku Natal. Amalonda a ku Gujarat adabwera podzilipirira okha, ndipo ena adakatsegula masitolo m'matauni a ku Transvaal.

Kwa zaka zambiri kaphikidwe kankangochoka kwa mayi kupita kwa mwana. M'chaka cha 1961, bungwe la Women's Cultural Group la ku Durban lidatulutsa buku la Indian Delights, lomwe mkonzi wake anali Zuleikha Mayat. Mayiyu adabadwira ku Potchefstroom mu 1926 ndipo adamwalira mu 2024. Bukuli lakhala mphatso yodziwika bwino ya atsikana olowa m'banja.

Ku India, gwero la maswiti ambiri ndi mawa kapena khoya, womwe ndi mkaka wowiritsa kufikira utauma. Lita imodzi ya mkaka imatulutsa magalamu pafupifupi 200 okha, ndipo wophika sachoka pamoto poopa kuti upserera. Amayi a ku South Africa adapeza njira yachidule pogwiritsa ntchito mkaka waufa, makamaka wa Klim. Pokonza burfee, amausakaniza ndi kirimu ndi ghee, kuusiya kuti uume pang'ono, kenako kuufikisa kuti ukhale timibulu. Timibuluto amatithira m'manyuchi a shuga, n'kuonjezera elachi, njere zonunkhira zomwe ena amati cardamom. Zikazizira amadula tizidutswa ndi kukongoletsa ndi maalimondi.

Chana magaj amachokera ku ufa wa tchana, mbewu yomwe alimi ena a ku Malawi amaidziwa. Ufawo amaukazinga mu ghee pamoto wochepa, akutakasa osalekeza, mpaka utafiira ndi kuyamba kununkhira. Ukaphulidwa msanga umamveka uwisi; ukapitirira umawawa. Shuga amathira ufawo utazizira.

Gulab jamun wa ku South Africa amasiyana ndi wa ku India. Kumeneko amakhala wobulungira ndipo amadyedwa ali m'manyuchi, pomwe kuno amakhala wamtali ngati chala, amamukanda ndi mkaka wa kondensi, ndipo amangomuviika m'manyuchi n'kumuvuula. Mafuta okazingira sayenera kutentha kwambiri, chifukwa kunja kumada m'kati musanapse.

Koma pomwe pamagona nkhani ndi pa manyuchi. Wophika amatapa kadontho, kukaziziritsa pang'ono, n'kukakanikiza pakati pa chala chachikulu ndi chamkombaphala. Akalekanitsa zalazo n'kuona kaulusi kamodzi, manyuchiwo ndi oyenera jalebi. Akakhala amadzimadzi, burfee sagwirana; akakhuthala mopitirira, burfee amauma ndi kumangoyoyoka.

Anthu a ku Springs ali ndi chifukwa china chosamalira. Tauniyi ili pa mamita oposa 1,600 kuchokera pomwe palekeza nyanja, ndipo kumeneku madzi amawira pa madigiri pafupifupi 95, osati 100 monga ku Durban. Choncho wotsatira malangizo olembedwa kugombe, ngati akugwiritsa ntchito choyezera kutentha, ayenera kuchotsapo madigiri pafupifupi 5. Akapanda kutero, madzi ambiri amauluka ndipo manyuchi amalimba. Njira ya zala ija ilibe vutoli, pakuti imayeza kukhuthala kwenikweniko.

Ophika a masiku ano akuphatikiza lusoli ndi zotsekemera za mitundu ina. Burfee akumuika m'keke, mu cheesecake ndi mu ayisikirimu, ena akumukuta ndi chokoleti. Melktert ya Mabunu, yomwe mwachizolowezi amaiwaza sinamoni, ena amaithira elachi. Lamulo lake ndi limodzi: popeza burfee ndi gulab jamun ali kale ndi shuga wambiri, shuga wa m'kekemo ayenera kuchepa. Kusakaniza kotere si kwachilendo, chifukwa ngakhale burfee wa mkaka waufa adabadwa pamene amayi ankaphika ndi zomwe zinkapezeka pafupi.

Nkhawa yaikulu ndi matenda a shuga, omwe ali m'gulu la matenda opha anthu ambiri ku South Africa, ndipo kafukufuku wakhala akuonetsa kuti ndi ofala kwambiri pakati pa Amwenye. Mu Epulo 2018 boma lidayamba kudula msonkho pa zakumwa za shuga, koma msonkhowo sukhudza zophika pakhomo. Kuchepetsa shuga m'maswitiwa n'kovuta, pakuti shugayo ndiye amawalimbitsa ndi kuwateteza kuti asaonongeke msanga. N'chifukwa chake njira yosavuta ndi kudula tizidutswa tating'ono ndi kusunga maswitiwa kuti akhale a pachikondwerero basi.

Mwambo umene umathandizapo. Pa Diwali ndi pa Eid maswiti sakhalitsa m'nyumba momwe akonzedwa. Amawalongedza m'timabokosi ndi m'mbale n'kutumiza ana kukapereka kwa achibale, anansi ndi ogwira nawo ntchito, posatengera chipembedzo kapena mtundu, ndipo kawirikawiri mbaleyo siibwerera yopanda kanthu.