Zipolopolo za rimfire

Rimfire ndi mtundu wa chipolopolo chimene mankhwala oyatsira onga amakhala m'mphepete mwa thako la chigoba chake. Munthu akakoka chowombera, kachitsulo ka mfuti kamamenya m'mphepetemo, mankhwalawo amayaka n'kuyatsa onga. Chinayambitsidwa ndi Louis-Nicolas Flobert wa ku France mu 1845. Chodziwika kwambiri masiku ano ndi .22 Long Rifle, chimene chinatuluka ku America mu 1887 ndipo n'chachikulu pafupifupi mamilimita 5.6 m'mimba mwake.

Kodi chigoba chake chingadzazidwenso?

M'mayiko ena alenje amatola zigoba zimene awombera kale n'kuzidzazanso, koma amachita izi ndi zipolopolo za centerfire. Pa mtundu umenewu choyatsira chimakhala kachitsulo kapadera pakati pa thako, kotheka kuchotsa n'kuikapo kena. Rimfire ilibe kachitsulo kotere. Chigoba chake ndi cha mkuwa wopyapyala dala kuti chizitha kuphwanyika chikamenyedwa, choncho chikangowombedwa kamodzi chimatsala chophwanyika m'mphepete. Kuti chigwirenso ntchito pamafunika kuikamo mankhwala oyatsira atsopano m'kamphako kakang'ono kwambiri, ndipo mankhwalawa amaphulika ngakhale pongokhudzidwa mwamphamvu. M'mafakitale amawaika ali onyowa, ndi makina, pofuna kupewa ngozi. Munthu wochitira izi pakhonde angathe kutaya zala kapena maso, ndipo zipolopolo zake nthawi zambiri zimakana kulira kapena chigoba chimang'ambikira m'mfuti. Popeza .22 ili m'gulu la zipolopolo zotsika mtengo kwambiri, ndalama zimene angapulumutse n'zochepa zedi. Ngakhale kumayiko kumene kudzaza zigoba n'kololedwa, ambiri saona phindu lake.

Ku Malawi

Kuno anthu ankadzazira okha mfuti zagogodela, zimene onga amathirira kukamwa kwa mfuti. Mfuti zotere zinafala nthawi ya malonda a akapolo. Njira imodzi ya amalondawa inkadutsa pampata wa pakati pa phiri la Michesi ku Phalombe ndi phiri la Mulanje, ndipo Angerezi anamanga Fort Lister pampatapo mu 1893 kuti aitseke. Koma gogodela alibe chigoba, ndiye luso lake silithandiza pa rimfire.

Mlimi wa m'munsi mwa Michesi amene apusi ndi anyani akumuthera chimanga angaganize za kamfuti ka .22, koma lamulo la mfuti la 1967 limafuna chilolezo cha apolisi kuti munthu asunge mfuti kapena zipolopolo, ndipo kupanga zipolopolo popanda chilolezo ndi mlandu. Michesi ndi nkhalango yotetezedwa, choncho kusakamo nyama n'koletsedwa. Chipolopolo cha .22 chimathanso kuuluka mtunda woposa kilomita imodzi, pamene midzi ndi minda ya ku Phalombe ili yothinana.