Magazi akupha a ku Britain: zinthu 8 zovuta kukhulupirira

Pa 20 Meyi 2024, woweruza milandu wopuma pantchito Sir Brian Langstaff anatulutsa lipoti la masamba oposa 2,500. Lipotilo likuti zipatala za boma ku Britain zinapatsira anthu oposa 30,000 kachilombo ka HIV ndi matenda a chiwindi a Hepatitis C pakati pa 1970 ndi 1991, kudzera m'magazi ndi mankhwala opangidwa kuchokera ku magazi. Pafupifupi 3,000 anali atamwalira kale. A Langstaff ananenetsa kuti zimenezi sizinali ngozi.

1. Jakisoni mmodzi ankakhala ndi magazi a anthu masauzande. Odwala himofiliya, omwe magazi awo sagwirana msanga akavulala, anaulandira ndi manja awiri mankhwala a Factor VIII. Unali ufa wa m'kabotolo, wosunga m'firiji kunyumba. Bondo la mwana likayamba kutupa usiku, mayi ankangousungunula ndi madzi n'kumubaya yekha, osathamangiranso kuchipatala. Koma popanga ufawo, makampani ankaphatikiza madzi a m'magazi a anthu masauzande ambirimbiri m'thanki imodzi. Mmodzi yekha mwa operekawo akakhala ndi kachilombo, thanki yonse yaipa. Odwala pafupifupi 1,250 anatenga HIV motero, ndipo pafupifupi 380 mwa iwo anali ana.

2. Ena mwa magaziwo ankagulidwa kundende. Britain sinkapanga Factor VIII wokwanira, ndiye inkaitanitsa ku America, komwe opereka magazi ankalipidwa. Ndani amagulitsa magazi ake? Ambiri anali anthu osowa pogwira, odzibaya mankhwala ozunguza bongo, ndi akaidi ngati a m'ndende za ku Arkansas. Munthu wofuna ndalama saulula kuti akudwala. N'chifukwa chake kuno kwathu a Malawi Blood Transfusion Service amadalira opereka mwaufulu, osalipidwa.

Za magazi ogulawa sizinali zobisika. Mu 1975 pulogalamu ya pa TV ya World in Action inaonetsa poyera malo ogulirako magaziwo, ndipo chaka chomwecho bungwe la WHO linalimbikitsa mayiko kudalira magazi operekedwa mwaulere. David Owen, yemwe anali nduna muunduna wa zaumoyo, analonjeza kuti dzikolo liyamba kudzidalira. Lonjezo linathera m'malere. Patapita zaka, a Owen atafunsa mapepala awo a nthawiyo, anauzidwa kuti anawonongedwa.

3. Chenjezo linafika pa tebulo la unduna mu Meyi 1983. Dr Spence Galbraith, mkulu wa nthambi ya boma yolondoloza matenda opatsirana, analemba kalata yoti mankhwala onse ochokera ku magazi a ku America otengedwa itadutsa 1978 achotsedwe kaye m'zipatala. Sanamumvere. M'malo mwake nduna, kuphatikizapo Kenneth Clarke, zinkabwereza mawu amodzimodzi, akuti palibe umboni wotsimikizika wakuti Edzi imafala kudzera m'mankhwala amenewa. Mawuwo anawasankha mochenjera. Umboni womaliza unalidi usanapezeke, koma chiopsezo chinkadziwika, ndipo wodwala akamva zoterozo ankangoti basi, palibe choopsa.

4. Ana a sukulu ina anasanduka oyeserapo mankhwala. Apa mpamene nkhaniyi imandiwawa kwambiri. Ku Hampshire kuli sukulu yogonera konko ya ana olumala yotchedwa Treloar's, yomwe inali ndi chipinda cha chipatala cha boma chothandiza odwala himofiliya pasukulu pomwepo. Makolo ankatumizako ana awo poganiza kuti kumeneko ndiye kuli chisamaliro chenicheni, madokotala ali pafupi usana ndi usiku. Kafukufuku wa a Langstaff anapeza kuti madokotalawo ankayesera mankhwala osiyanasiyana pa anyamatawo, makolo osauzidwa bwinobwino za kuopsa kwake, ena osafunsidwa n'komwe. Mwa ana 122 a himofiliya amene anaphunzirapo pakati pa 1970 ndi 1987, otsala ndi moyo pamene lipoti limatuluka anali pafupifupi 30. Ena mwa otsalawo anafotokoza kuti ankaitanidwa m'chipinda m'timagulu, dokotala n'kumauza mmodzimmodzi kuti iwe uli nako, iwe ulibe, kenako n'kuwabweza m'kalasi.

5. Ambiri mwa odwalawo analibe himofiliya n'komwe. Anali amayi otaya magazi pobereka, anthu ochitidwa opaleshoni, ovulala pangozi. Hepatitis C amatha kukhala phee m'thupi zaka makumi awiri kapena atatu akudya chiwindi, mwiniwake akungodandaula kutopa. Anita Roddick, amene anayambitsa sitolo za The Body Shop, ananena kuti anatenga matendawa pothiridwa magazi mu 1971 pobereka, ndipo anadzadziwa patatha zaka zoposa 30. Britain inayamba kuyeza magazi onse ngati ali ndi matendawa mu Seputembala 1991, mayiko ena ambiri olemera atayamba kale.

6. Kampani ina inapitiriza kugulitsa mankhwala akale kunja. Zitadziwika kuti kutenthetsa Factor VIII kumapha HIV, kampani ya Cutter, nthambi ya Bayer, inayamba kugulitsa wotenthetsa ku America ndi ku Ulaya mu 1984, koma wakale uja inapitiriza kumutumiza ku Asia ndi ku Latin America. Nyuzipepala ya New York Times ndi imene inaulula mu 2003.

7. Kwina anthu anamangidwa. Ku France, Michel Garretta, mkulu wa bungwe la magazi, anagamulidwa zaka zinayi mu 1992, ndipo mu 1999 Laurent Fabius, yemwe anakhalapo nduna yaikulu, anaimbidwa mlandu koma anapezeka wosalakwa. Ku Japan, nduna ya zaumoyo Naoto Kan inakakamiza akuluakulu a muunduna wake kutulutsa mafayilo omwe ankati anasowa, n'kupepesa poyera mu 1996. Akuluakulu a kampani ya Green Cross anagwada mpaka mphumi kugunda pansi pamaso pa odwala. Ku Canada, kafukufuku wa woweruza Horace Krever atatha mu 1997, bungwe la Red Cross linasiyitsidwa ntchito yotolera magazi, ngakhale chindapusa chomwe linadzalipira mu 2005 chinali madola 5,000 okha.

8. Ku Britain, lipoti linatuluka popanda ngakhale mmodzi amene anaimbidwapo mlandu. Maboma a Conservative ndi a Labour omwe, motsatizana, ankakana kafukufuku wa boma, n'kumati odwala analandira chithandizo chabwino koposa chimene chinalipo nthawiyo. A Langstaff anapeza kuti mawuwa anali abodza, ndiponso kuti zikalata zina zinawonongedwa dala. Vuto linali lakuti unduna woyenera kufufuza ndi womwewo umene unalakwa. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Theresa May, ali nduna yaikulu, ndi amene anavomera kafukufukuyu mu 2017, aphungu a zipani zosiyanasiyana atamupanikiza. Rishi Sunak, nduna yaikulu ya nthawiyo, anapepesa m'Nyumba ya Malamulo tsiku lomwe lipoti linatuluka, ndipo mu Okutobala 2024 boma linapatula mapaundi 11.8 biliyoni a chipukuta misozi. Mabungwe a odwala akhala akunena kuti masiku anayi aliwonse mmodzi mwa iwo amamwalira. Mu Julayi 2025 a Langstaff anatulutsanso lipoti lina, lodzudzula boma kuti likuchedwetsa ndalamazo komanso kuti linakonza ndondomeko yolipirira osafunsa mokwanira eni ake ovutikawo.