Zoluka zabwereranso, koma wolukayo akupezapo chiyani?

KALE munthu akavala juzi yoluka pamanja ankaoneka ngati walephera kugula ya m'sitolo. Lero zinthu zatembenuka. Atsikana a mu Blantyre ndi Lilongwe akusakasaka zipewa, tizikwama, masiketi ndi mabulauzi oluka, ndipo akavala amajambulitsa n'kuika pa Facebook ndi TikTok kuti anzawo asirire.

Ku Ligowe m'boma la Neno, zolukazi sizidachokepo n'kale lomwe. Bomali, lomwe lidapatulidwa ku Mwanza m'chaka cha 2003, lili ndi mbali ziwiri. Kumunsi, cha ku Lisungwi ndi Zalewa, n'kotentha. Koma kumtunda, kuyambira ku Ligowe kukwera ku Nsambe ndi Dambe komwe amalima kachewere ndi tirigu, mu June ndi July kumazizira moti mwana wasukulu wopanda juzi amafika m'kalasi zala zitauma. Kumeneko chipewa choluka si chotchenera, n'chofunika ngati mchere.

Chomwe chasintha ndi kalukidwe. Tizidutswa ta mbali zinayi ta mitundumitundu, tomwe agogo ankalumikiza n'kukhala choyala pabedi kapena pampando, lero tikusanduka majekete ndi zikwama. Zipewa zozungulira zogwa m'mbali zalowa m'malo mwa zija zongophimba makutu. Mitundu yofatsa yasiyidwa, achinyamata akufuna yowala, yachikasu, yobiriwira ndi yofiira pa chovala chimodzi.

Ndiye pali timabulauzi tolekeza pamwamba pa mchombo, tomwe tikuyambanitsa makolo ndi ana. Amayi omwe adakula pansi pa lamulo la kavalidwe la 1973, lomwe kwa zaka pafupifupi 20 lidaletsa akazi kuvala buluku ndi siketi yaifupi, sangatilandire ndi manja awiri. Woluka wa kumudzi amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake amatalikitsa bulauziyo n'kuika nsalu m'kati kuti mabowo asaonetse thupi. Apo ayi, katundu amuolera m'manja.

Amuna nawonso asamadzipatule. M'chaka cha 2021, pa mpikisano wa Olympics ku Tokyo, katswiri wodumphira m'madzi wa ku Britain, Tom Daley, adajambulidwa akuluka atakhala pamipando ya oonerera, mendulo yagolide atapata kale.

Ogula ambiri sadziwa kuti kuluka kuli pawiri. Kuluka ndi singano ziwiri makina amatha, ndipo majuzi ambiri a m'sitolo ndi a yunifolomu amalukidwa choncho. Koma crochet, kuluka kwa kasingano kamodzi kokhala ndi ngowe kunsonga, makina sadakwanitsebe kutengera bwinobwino. Chovala cha crochet yeniyeni, ngakhale chija mwatola motchipa pa kaunjika, pali munthu adakhala nacho pansi masiku angapo.

Apa ndi pamene pagona nkhani. Ulusi wolukira, womwe wambiri ndi wa acrylic osati ubweya wa nkhosa, umachokera kunja. Ndalama ya kwacha itagwetsedwa mphamvu ndi 25 pelesenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 pelesenti mu November 2023, mtengo wa mpira umodzi wa ulusi udakwera nawo. Woluka wa ku Ligowe awonjezerepo ya thiransipoti yokaugula ku Mwanza kapena ku Limbe, pamsewu womwe anthu a ku Neno akhala akuudandaula kwa zaka zambiri. Akamaliza, wogula amafika n'kumuuza kuti juzi ngati yomweyo pa kaunjika ndi yotchipa.

Ena apeza nzeru yogula majuzi akuluakulu a pa kaunjika pomwepo, n'kuwamasula kuti apeze ulusi. Koma vuto lalikulu n'lakuti oluka ambiri potchula mtengo amangowerengera ulusi, osaika masiku omwe maso ndi msana zagwira ntchito. Kumeneko ndi kudzidyera masuku pamutu wekha.

Pali msika umodzi wosadalira fashoni: makanda. Lipoti la padziko lonse la 2012 lidaika Malawi patsogolo pa maiko omwe ana amabadwa masiku asanakwane, pafupifupi 18 mwa ana 100 alionse. Mwana wotere amataya kutentha msanga, makamaka kumutu. N'chifukwa chake m'njira ya kangaroo, yomwe idayambira ku Bogotá m'dziko la Colombia mu 1978, mwana amagonekedwa pachifuwa cha mayi atavala kachipewa ndi thewera basi, kwinako thupi likhudzane. Mayi woyembekezera wa kumtunda kwa Neno akamalongedza zopita nazo kuchipatala, kachipewa ndi timasokosi toluka tisasowe, ndipo ta mwana tikhale ta ulusi wofewa, wosayabwa.

Mukagula choluka, chapani ndi madzi ozizira, osachipotokola pofinya. Musachikoleke pachingwe chifukwa madzi amachikokera pansi n'kutalika ngati thumba. Chiyaleni pansalu pamthunzi. Ndipo simbi yamakala isayandikire, pakuti acrylic ndi pulasitiki, akapsa amasungunuka.