Kachikumbu konyezimira kakutha rosemary ku Leeds

September akangolowa, m'timadimba ta ku Leeds, Sheffield ndi Manchester mumayamba madandaulo akuti rosemary akuuma kunsonga. Wopalamula ndi kachikumbu kotalika mamilimita 8 okha, konyezimira, kamizere yobiriwira ndi yofiirira kumsana. Kwawo ndi kumwera kwa Ulaya. Kanakhazikika ku England m'zaka za m'ma 1990, kuyambira madera ozungulira London, ndipo lero kafika kumpoto kuno. Lavender, sage ndi thyme nazonso sikazisiya.

Mayi wina wa ku Zomba, amene amasamalira okalamba ku Leeds, anabzala rosemary wake m'miphika kuseri kwa nyumba yalendi. Akaweruka ntchito ya usiku safikira kugona. Amayala nyuzipepala yakale pansi pa mphika n'kugwedeza nthambi. Tizilomboto timangoti mbwee papepala, miyendo titaipinda ngati tafa, iye n'kutikhuthulira m'chitini cha madzi a sopo. Zovuta ndi mphutsi zake, zotuwa, zobisala kunsi kwa timasamba topyapyalato. Zimenezi amachita kuzitola ndi zala imodziimodzi, monga amachitira alimi kumudzi ndi ntchemberezandonda m'chimanga, mpaka manja kununkhira rosemary tsiku lonse.

Anzake a mumsewu womwewo sagwirizana naye. Bambo wina wopuma pantchito amati mayiyu akungodzitopetsa: rosemary wokhwima safa wamba ndi kachikumbuka, amangonyansa masamba kenako n'kuphukiranso. Wina amati dzanja silingathe tizilombo, koma mankhwala opopera.

Pamankhwalapa ndi pamene mkangano umakula. Rosemary si duwa longoonera, amathera mu mphika wa nkhuku. Komanso akachita maluwa, monga lavender, njuchi zimadzazana pamenepo, ndipo poizoni sasankha. Kupopera kamodzi nakonso sikuthetsa nkhani. Tizilomboti timadya ndi kuikira mazira kuyambira kumapeto kwa August, nyengo yozizira ikafatsa timapitiriza mpaka nyengo yophukira zomera, mphutsi zikakhuta zimalowa m'dothi, ndipo cha mu May kapena June kumatuluka tatsopano. Upopera kangati chinthu chimene udyetsa ana ako?

Kunena zoona, bambo wopuma uja sakunama kwa amene ali ndi chitsamba chachikulu cha zaka zambiri. Koma kambewu ka mu mphika kalibe masamba otaya, n'chifukwa chake nyuzipepala ndi chitini zili ndi nzeru.

Ngakhale zili choncho, Amalawi ambiri olima kuno sagona tulo chifukwa cha rosemary ayi. Mtima wawo uli pa nkhwani, mpiru ndi repu, ndipo kumeneko mdani ndi nkhono zopanda chigoba zimene zimatuluka usiku mvula ikagwa.