Sitikuvomera, Sitikukana: Akazitape ndi Anthu Ofuna Zikalata Zawo

Lero tikulowa m'maofesi a akazitape, koma tikudutsa zipinda zimene mumaziona m'mafilimu zija, tikukaima pa desiki imene imalandira makalata a anthu wamba ofuna kuona zikalata za boma. Desiki yotere ilipodi ku CIA, bungwe la akazitape la dziko la America, ndipo aliyense angathe kulembako kalata, ngakhale inu amene mukumvera muli ku Kasungu kapena ku Chipata. Lamulo lakumeneko silifunsa kuti ndinu nzika ya dziko liti. Chodabwitsa n'chakuti kuyambira mu 2002, amene akazitapewa sawayankha ndi maboma a mayiko ena pamodzi ndi owaimira. Mphunzitsi wa ku pulayimale angathe kufunsa, nduna ya boma lake ayi.

Lamuloli amalitcha Freedom of Information Act, ndipo silinabwere mophweka. Phungu wina wa ku California, a John Moss, analimenyera nkhondo zaka zoposa khumi, nduna ndi akuluakulu a nthambi za boma akumukana. Pulezidenti Lyndon Johnson analisayina pa 4 Julaye 1966 ali kumudzi kwawo ku Texas, popanda mwambo, mtima usakufuna. Mu 1974, manyazi a nkhani ya Watergate akadali pankhope, aphungu analilimbitsa. Pulezidenti Gerald Ford anakana kusayina, koma aphunguwo anavotanso mochuluka n'kumugonjetsa. Kuyambira pamenepo, woweruza anapatsidwa mphamvu yoitanitsa chikalata chachinsinsi, kuchiwerenga yekha m'chipinda mwake, n'kuona ngati chinsinsicho n'choyenereradi.

Papepala zonse zikuoneka bwino. Mwalemba kalata, boma liyankhe pasanathe masiku 20 ogwira ntchito. Koma lamulo lomwelo lili ndi zifukwa zisanu ndi zinayi zimene boma lingakanire, ndipo akazitape amakonda ziwiri. Choyamba n'chitetezo cha dziko. Chinacho ndi malamulo ena akale, a 1947 ndi 1949, amene amawalamula kubisa anthu amene amawatsina khutu ndi njira zimene amapezera nkhani. Masiku 20 aja nthawi zambiri amabweretsa kakalata kongoti pempho lanu talilandira, nambala yake ndi iyi. Zikalata zenizenizo zimabwera patapita zaka, ndipo zikabwera mumapeza tsamba lili ndi deti pamwamba, siginecha pansi, pakati ponse ataphimba, ngati chitenje chimene mbewa zadya n'kusiya m'mphepete mokha.

Koma yankho lotchuka kwambiri la akazitape linabadwira pansi pa nyanja.

Mu Malichi 1968, sitima yankhondo ya dziko la Soviet Union yoyenda pansi pa madzi, K-129, inamira m'nyanja ya Pacific, kumpoto chakumadzulo kwa Hawaii. Inali ndi zida za nyukiliya. Eni ake anaifuna osaipeza, koma Aamereka anaipeza, ili pansi mtunda wa makilomita pafupifupi asanu. A CIA anaganiza zoivuula mwakachetechete. Anapangitsa chisitima chachikulu chokhala ndi chidzanja chachitsulo m'mimba mwake, n'kuchitcha Hughes Glomar Explorer. Dziko lonse linauzidwa kuti mpondamatiki wina, a Howard Hughes, akufuna kukumba miyala ya manganese pansi pa nyanja. Popeza bamboyu ankadziwika kale ndi zochita zachilendo, anthu anakhulupirira. Mu 1974 chidzanja chija chinagwira sitimayo n'kuyamba kuikweza, koma ili m'njira zala zina zinathyoka, mbali yaikulu n'kubwerera pansi. M'chidutswa chimene anavuula munali matupi asanu ndi limodzi a asilikali a ku Soviet. Anawaika m'nyanja mwaulemu, mwambowo n'kuujambula, ndipo kanemayo anadzaperekedwa kwa Pulezidenti Boris Yeltsin wa ku Russia mu 1992.

Nkhaniyi inayamba kutuluka m'manyuzipepala mu 1975. Mkulu wa CIA nthawi imeneyo, a William Colby, ankayendera akonzi a nyuzipepala kuwapempha kuti asailembe. Ndiye mtolankhani wina, mayi Harriet Ann Phillippi, anagwiritsa ntchito lamulo lija. Sanapemphe n'komwe mapulani a sitimayo. Anapempha zikalata zoonetsa mmene CIA inayesera kutseka pakamwa atolankhani.

Apa maloya a CIA anapanikizika. Akanena kuti zikalatazo zilipo koma n'zachinsinsi, ndiye kuti avomera kuti sitimayo ndi yawo, ndipo a ku Moscow akumva. Akanena kuti kulibe, ndiye kuti anama pamaso pa lamulo. Anatulukira potulukira pachitatu: sitingavomere kapena kukana kuti zikalata zoterozo zilipo, ndipo zikanakhalapo zikanakhala zachinsinsi. Mu 1976 khoti la apilo ku Washington linavomereza kuti yankho lotere lingathe kuperekedwa, bola bungwelo lifotokoze chifukwa chake poyera. Mpaka lero anthu a ntchitoyi amalitcha yankho la Glomar, ndipo lafalikira ku FBI, ku NSA ndi kunthambi zina zambiri. CIA inadzatulutsa mbiri ya ntchito ya sitimayi mu 2010, nayonso yophimbidwa m'malo ambiri. Ndipo pamene bungweli linkatsegula tsamba lake pa Twitter mu 2014, uthenga wake woyamba unali nthabwala ya yankho lomweli. Anthu anaseka. Amene akhala zaka akudikira yankho la pempho lawo mwina sanaseke kwambiri.

Tisawanamizire akazitapewa: nthawi zina chifukwa chawo chimakhala chomveka. Munthu amene anawatsina khutu ali kudziko la wolamulira wankhanza angathe kuphedwa dzina lake likatuluka, ndipo ana ake angavutike ngakhale iye atamwalira kale. Vuto ndi lakuti chifukwa chomwecho chimaphimbanso zolakwa ndi zamanyazi, ndipo amene amasankha kuti ichi n'choteteza moyo, ichi n'choteteza mbiri ya ofesi, ndi mwini ofesi yemweyo. Oweruza, ngakhale ali ndi mphamvu ija ya 1974, kawirikawiri amangokhulupirira chikalata cholumbira cha bungwelo.

Palinso njira yachidule kuposa zonse, yomwe ndi moto. Kuyambira mu 1953, CIA inali ndi ntchito yotchedwa MKULTRA, yoyesa mankhwala osokoneza bongo monga LSD pa anthu, ena a iwo asakudziwa n'komwe. Mu 1973, mkulu wa bungweli a Richard Helms, atatsala pang'ono kuchoka paudindo, analamula kuti mafayilo a ntchitoyi awonongedwe, ndipo anawonongedwadi. Koma anaiwala anthu a ndalama. Mu 1977, potsatira pempho la wolemba mabuku a John Marks, kunapezeka mabokosi asanu ndi awiri a zikalata za malipiro amene anasungidwa kwina. Malisiti ndi amene anaulula mayunivesite, zipatala ndi ndende zimene ndalamazo zinkapita. Woyang'anira ntchito imeneyi, a Sidney Gottlieb, ndi yemweyo amene mu 1960 ananyamula poizoni kupita naye ku Congo kuti akaphere mtsogoleri wa dzikolo, a Patrice Lumumba. Poizoniyo sanagwiritsidwe ntchito, a Lumumba anaphedwa mwanjira ina ku Katanga mu Januwale 1961, koma za chiwembucho zinatsimikizidwa ndi komiti ya a Frank Church ya nyumba ya malamulo ya America mu 1975.

Mu 1984 aphungu analola CIA kuti mafayilo a ntchito zake zenizeni za ukazitape isamawafufuze n'komwe munthu akapempha. Mu 1995 Pulezidenti Bill Clinton anakokera kwina, n'kulamula kuti zikalata za mbiri zikakwanitsa zaka 25 zizimasulidwa zokha, pokhapokha ngati bungwe lapereka chifukwa. CIA inamvera, koma mwa njira yakeyake. Zikalata zomasulidwazo inaziika pa makompyuta anayi okha, m'nyumba yosungira zakale ya boma ku College Park, ku Maryland. Wofuna kuwerenga ankayenera kukwera ulendo n'kukakhala pamenepo nthawi ya ntchito. Zinatengera mlandu wa bungwe la atolankhani la MuckRock kuti mu Januwale 2017 masamba oposa 12 miliyoni aikidwe pa intaneti.

Ku Britain ndiye sanadzivutitse. Lamulo lawo la mtundu womwewu, limene linayamba kugwira ntchito mu 2005, silikhudza mabungwe awo a akazitape, MI5, MI6 ndi GCHQ, mpang'ono pomwe. MI5 imatumiza mafayilo akale kunyumba yosungira zakale ya boma ku Kew, koma imasankha yokha oti itumize. Ndipo mu 2011, pamlandu wa okalamba a ku Kenya amene anazunzidwa nthawi ya Mau Mau, boma la Britain linakakamizika kuvomera kuti ku Hanslope Park linkasunga mafayilo pafupifupi 8,800 amene atsamunda ananyamula pochoka m'mayiko 37. M'gulumo munalinso a Nyasaland ndi Northern Rhodesia.

Tsopano tiyeni ku Ndola, chifukwa akulu anati mlandu suola.

Usiku wa pa 17 kuchera pa 18 Sepitembala 1961, ndege ya mtundu wa DC-6 yotchedwa Albertina inkayandikira bwalo la ndege la Ndola kuchokera ku Léopoldville, ku Congo. Inanyamula mlembi wamkulu wa United Nations, a Dag Hammarskjöld, amene ankakakumana ndi mtsogoleri wa Katanga, a Moïse Tshombe, kuti athetse nkhondo ya kumeneko. Ndegeyo inadutsa pamwamba pa bwalo, n'kukhota kuti itere, osaonekanso. Akuluakulu a boma anati anaipeza masana ake, patatha maola pafupifupi 15, ngakhale inagwera m'thengo pafupi ndi tauniyo. Anthu onse 16 anafa. Mmodzi, mlonda Harold Julien, anapezeka ali moyo, analankhula za kuphulika, n'kumwalira patapita masiku ochepa.

M'thengomo munali anthu owotcha makala, ndipo m'makomboni a Ndola munali anthu amene anali maso usiku umenewo. Ena ananena kuti anaona ndege yachiwiri, yaing'ono, komanso moto kumwamba ndege yaikuluyo isanagwe. Kafukufuku wa boma la chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland sanawawerengere kwenikweni anthu akudawa, ndipo anagamula kuti oyendetsa ndege ndiwo analakwitsa. Kafukufuku wa United Nations wa 1962 sanagamule chilichonse.

Nkhaniyi inadzukanso mu 2011 ndi buku la wofufuza mbiri mayi Susan Williams. Mwa mboni zimene zinamveka panali a Charles Southall, amene mu 1961 anali msilikali wapamadzi wa America pa siteshoni yotchera khutu mauthenga a wailesi ku Cyprus. Iwo ankanena kuti usiku umenewo anamva mawu ojambulidwa a woyendetsa ndege akufotokoza kuti akuombera ndege ina. Ngati anamvadi, ndiye kuti penapake payenera kukhala tepi kapena pepala. Komiti ya oweruza ndi maloya motsogozedwa ndi a Stephen Sedley inatsata zimenezi mu 2013, ndipo pempho linapita ku NSA, bungwe la America lotchera khutu mauthenga. Yankho linali lakuti pa zikalata zitatu zokhudzana ndi pempholo, ziwiri n'zachinsinsi chapamwamba kwambiri, sizingatuluke chifukwa cha chitetezo cha dziko. Apo n'kuti patapita zaka 52.

United Nations inapereka ntchitoyi kwa a Mohamed Chande Othman, amene anali mkulu wa oweruza ku Tanzania. Mu lipoti lawo la 2017 ananena kuti n'zotheka ndithu kuti ndegeyo inaukiridwa kapena kuopsezedwa kuchokera kunja, ndipo anatembenuza udindo: mayiko amene ali ndi zikalata ndiwo aonetse kuti afufuza m'nkhokwe zawo zonse, ndi za akazitape zomwe. M'malipoti otsatira akhala akutchula mayiko atatu amene sanamasuke mokwanira: America, Britain ndi South Africa. Ku South Africa kuli nkhani ya mapepala amene komiti ya a Desmond Tutu inawapeza mu 1998, onena za chiwembu chotchedwa Operation Celeste. Mpaka pano enieni ake sanaperekedwe kuti akatswiri awayeze ngati ali oona kapena opeka. Mu 2020 kunadziwikanso kuti kampani ya ku Switzerland ya Crypto AG, imene inkapanga makina obisa mauthenga a mtundu umene a Hammarskjöld ankagwiritsa ntchito, inali pa mgwirizano wachinsinsi ndi akazitape a America kuyambira m'zaka za m'ma 1950.

Malinga ndi lamulo la Pulezidenti Barack Obama la 2009, chikalata chikafika zaka 50 chiyenera kumasulidwa, kupatula chimene chingaulule kazitape wa munthu kapena kapangidwe ka zida zopha anthu ambiri, kapenanso ngati bungwe lapempha chilolezo chapadera. Pa zikalata za 1961, zaka 50 zinakwana mu 2011. Malire otsatira ndi zaka 75, pa 31 Disembala 2036, ndipo ngakhale pamenepo lamulo likulolabe bungwe kupempha kuti liwonjezere nthawi. Mnyamata amene ankawotcha makala ku Ndola ali ndi zaka 20 usiku umenewo, tsiku limenelo adzakhala ndi zaka 95.